Atsikana amene analira Oscar: mafunso ndi mayankho pa nkhani yojambula ya ku Japan

Mwa nkhani zojambula zimene dziko la Japan latulutsa, ndi zochepa zimene zinagwedeza owerenga ngati The Rose of Versailles, imene eniake amangoitchula kuti Berubara. Inayamba kutuluka mu 1972 m'magazini ya atsikana, ndipo lero, patadutsa zaka zoposa 50, anthu akukanganabe kuti ndi katuni iti, sewero liti kapena filimu iti imene inaifotokoza mokhulupirika. Ndaisankha chifukwa mbiri yake ndi ya atsikana apasukulu amene mawu awo anamveka mpaka kusintha nkhani imene ankawerenga. Mafunso otsatirawa ndi amene kholo, mphunzitsi kapena mtsikana wa ku Chikwawa ndi ku Nsanje angafunse atamva za nkhaniyi koyamba.

Kodi nkhani yake ndi yotani?

Imachitikira ku France, zaka zotsala pang'ono kuti anthu wamba aukire ufumu mu 1789. Mkulu wina wa asilikali, General de Jarjayes, anali ndi ana aakazi asanu ndipo ankadikira wamwamuna woti adzalowe m'malo mwake. Wachisanu ndi chimodzi atabadwa, nayenso wamkazi, bamboyo anamupatsa dzina lachimuna, Oscar, n'kulamula kuti aleredwe ngati mnyamata. Oscar anakula akuphunzira lupanga ndi kukwera hatchi limodzi ndi André Grandier, mdzukulu wa gogo amene ankamulera, mwana wa m'banja la antchito. Ali ndi zaka 14 anapatsidwa ntchito yolondera Marie Antoinette, mwana wa mfumukazi ya ku Austria, amene anatumizidwa ku France mu 1770 kukakwatiwa ndi mdzukulu wa mfumu, iyenso ali ndi zaka 14.

Marie Antoinette, mwamuna wake mfumu Louis XVI ndi Hans Axel von Fersen wa ku Sweden, amene mfumukaziyo inkamukonda, ndi anthu enieni a m'mbiri. Oscar ndi André ndi opeka. Kunyumba yachifumu ya Versailles aliyense ankadziwa kuti Oscar ndi mkazi, panalibe zobisa. Nkhani imatsata mmene maso ake anatsegukira pang'onopang'ono, mpaka anasiya kulondera banja lachifumu n'kukatsogolera asilikali wamba a mu Paris, amene poyamba anakana kulamulidwa ndi mkazi. Nthawi itakwana yoti aloze mfuti anthu a mumzinda, Oscar ndi gulu lake anaima mbali ya anthuwo. André anawomberedwa pa 13 July 1789, ndipo Oscar anagwa mawa lake akulamula mizinga imene inkawomba ndende ya Bastille. Marie Antoinette anadulidwa mutu pa 16 October 1793.

Analemba ndani, ndipo n'chifukwa chiyani akonzi ankaikayikira?

Analemba ndi kujambula ndi Riyoko Ikeda, wobadwira ku Osaka mu 1947. Ali kusekondale anawerenga buku la Stefan Zweig lonena za moyo wa Marie Antoinette, ndipo nkhaniyo sinamuchoke mumtima. Kuyunivesite anaphunzira nzeru zakuya za afilosofi pa nthawi imene ophunzira a ku Japan ankachita zionetsero zambiri, ndipo anayamba kujambula kuti azipeza chakudya ndi lendi. Pamene Berubara inkayamba m'magazini yotuluka sabata iliyonse yotchedwa Margaret, ya kampani ya Shueisha, Ikeda anali ndi zaka 24.

Akonzi a magaziniyo, amene anali amuna, ankakhulupirira kuti atsikana sangawerenge za mbiri yakale ndi ndale. Anamulola pongomuuza kuti owerenga akapanda kuikonda aidula msanga. Ikeda wakhala akunena poyera kuti masiku amenewo ojambula aakazi ankalipidwa theka la ndalama zimene anzawo aamuna ankalandira pa tsamba limodzi. Nkhaniyo inatha mu December 1973, inasonkhanitsidwa m'mabuku 10, ndipo mpaka pano mabuku ake agulidwa oposa 20 miliyoni. Mu 2009 boma la France linapatsa Ikeda mendulo ya Légion d'honneur chifukwa cha mmene anadziwitsira anthu a ku Japan mbiri ya dzikolo.

Mukati owerenga anasintha nkhani, mukutanthauza chiyani?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Magazini za mtunduwu zimatuluka sabata ndi sabata, ndipo wolemba sakhala atamaliza nkhani pamene gawo loyamba likusindikizidwa. Amajambula masamba a sabata ino makalata a owerenga a sabata yatha ali pa tebulo. Akonzi nawonso amawerenga mayankho a owerenga kuti adziwe nkhani imene ikukondedwa ndi imene ikugona. Choncho mtsikana wa zaka 13 amene wagula magazini ndi ndalama ya m'thumba, n'kukhala pansi kulemba kalata, amakhala ndi mphamvu yeniyeni pa zimene zidzatuluke mwezi wamawa.

Ikeda poyamba ankafuna kulemba za Marie Antoinette. Oscar anali woperekeza chabe. Panalinso Rosalie, mtsikana wosauka, wofatsa ndi wolira msanga, amene wolembayo ankayesa kuti owerenga adzadziona mwa iye. Atsikana sanapite kumene anawakonzera. Rosalie sanamulabadire kwenikweni. Mitima yawo inathamangira kwa Oscar, mkazi amene amalamula amuna, amayankha nduna mosaopa, amalakwitsa, amamwa vinyo akapsinjika, ndipo amasankha yekha mbali yoima. Ikeda anamva. Rosalie anabwerera m'mbuyo, mfumukazi nayo inachepa pa masamba, ndipo theka lachiwiri la nkhaniyi ndi la Oscar ndi André.

Chimene ndimachiona chachikulu ndi mtundu wa chikondi chimene owerengawo anachikonda. André si mwana wa mfumu. Ndi wantchito, wataya diso limodzi poteteza Oscar, linalo likuyamba kuchita khungu, ndipo zaka zonse wakhala akuyenda pambuyo pa mkazi amene akumulamula. Si mngelo ayi. Pali pamene nsanje inamufikitsa pothira poizoni m'vinyo kuti afere limodzi, n'kudzidzimuka nthawi isanathe. Koma pamapeto amakonda Oscar popanda kumuuza kuti avule yunifolomu. Ku Japan wa 1972, kumene mtsikana ankayembekezeka kusiya ntchito akangokwatiwa, zimenezi zinali zachilendo, ndipo atsikana anazizindikira msanga kuposa akonzi awo.

Nanga Oscar atafa zinatha bwanji?

Kunali maliro. Makalata anasefukira ku ofesi ya Margaret kupempha kuti Oscar ndi André aukitsidwe, moti akonzi anachita kulemba m'magazini momwemo kuvomereza kuti makalatawo awafika. Chidwi cha owerenga chinatsika nthawi yomweyo. Ikeda ankafuna kupitiriza kuti afotokoze zaka zonse za kuukirako, koma anauzidwa kuti amalize m'masabata ochepa. N'chifukwa chake zaka zinayi zomaliza za Marie Antoinette, kuchokera pa kugwa kwa Bastille mpaka imfa yake, zimathamanga kwambiri poyerekeza ndi zoyambirira.

Komabe Ikeda sanamuukitse Oscar. Pamenepa anaima nji, ndipo ndikuganiza kuti anachita bwino. Kumvera owerenga sikutanthauza kuwapatsa chilichonse chimene apempha. Anawamvera pa funso loti nkhaniyi ndi ya yani, koma pa mtengo umene munthu amalipira akasankha mbali pa nthawi ya nkhondo sanawanamize.

Kulira munthu wa papepala, si kusowa chochita kumeneko?

Ayi. Amene anakulira pa mphasa madzulo agogo akuyamba nthano amadziwa kuti omvera akasiya kuvomera kuti "tili tonse", nthano imaima, ndipo wokamba waluso amatalikitsa pamene ana atchera khutu n'kudumpha pamene ayamba kuwodzera. Makalata a atsikana a ku Japan anali kuvomera kwa mtundu womwewo, kungoti kunkayenda pa positi. Ndipo kuno kwathu anthu akhala akupsera mtima anthu a m'masewero a pa wailesi monga Zimachitika ndi Tikuferanji ngati ndi anansi awo enieni. Munthu amalira wa m'nkhani chifukwa wamusenzera chinthu chimene iye mwini sangathe kuchinena pakhomo. Mtsikana amene analira Oscar ankalira moyo umene anauona kuti ndi wotheka, n'kuuona ukutha ndi chipolopolo.

Sewero ndi makatuni ake analandiridwa bwanji?

Mosiyanasiyana kwambiri, ndipo kulikonse okonda bukulo anali oyamba kukayikira.

Oyamba kuitenga anali a Takarazuka, gulu la zisudzo ndi nyimbo la akazi okhaokha la mumzinda wa dzina lomwelo pafupi ndi Osaka, limene linayamba kuonetsa masewero mu 1914. Kumeneko mbali za amuna amasewera ndi akazi. Zitamveka kuti akonza Berubara mu 1974, owerenga ambiri anakwiya n'kulemba makalata okana, poopa kuti munthu wamoyo awononga Oscar wa m'maganizo mwawo. Wotsogolera seweroli, Kazuo Hasegawa, katswiri wakale wa mafilimu, anaphunzitsa osewera kaimidwe, kapendekedwe ka khosi, ndi malo oyang'ana kuti nyali ziwale m'maso mwawo monga zimaonekera pa zithunzi za Ikeda. Anthu anakhamukirako. Pa zaka za 1974 mpaka 1976 oonera anaposa miliyoni imodzi, gulu limene linali litayamba kusowa anthu chifukwa cha kubwera kwa TV linadzukanso, ndipo seweroli likubwerezedwabe mpaka lero.

Mu 1979 kunatuluka filimu ya anthu enieni, Lady Oscar, yotsogoleredwa ndi Jacques Demy wa ku France, yojambulidwa ku Versailles komweko koma m'Chingerezi, ndi Catriona MacColl ngati Oscar. Iyi okonda bukulo sanailandire. Oscar wake ndi wofooka, wotengeka ndi zochitika, ndipo safa akutsogolera asilikali pa Bastille. Anthu anaona kuti achotsa fupa lenileni la nkhani.

Katuni ya pa TV inayamba mu October 1979 pa Nippon TV n'kutha mu September 1980, ili ndi magawo 40. Anaiyamba ndi Tadao Nagahama, amene anaikonza mwaphokoso ndi mokokomeza ngati sewero la pa siteji. Atachoka, Osamu Dezaki anaitenga kuyambira cha pakati n'kuisintha mtima. Mitundu inada, kulankhula kunachepa, chithunzi chinayamba kuima chilili pa nthawi yowawa ngati chojambulidwa ndi choko, ndipo m'misewu ya Paris munayamba kuoneka munthu wosauka woimba akodiyoni amene amadandaula za njala ya mumzinda. Ku Japan, ulendo woyamba, katuniyi sinakope anthu ambiri, moti m'madera ena anaidula pa gawo la 24. Ena mwa owerenga ankati Oscar wa Dezaki ndi wozizira kwambiri, alibe nthabwala ndi ukali wa m'buku. Koma itawoloka nyanja inapeza kwawo. Ku Italy inayamba kuonetsedwa mu 1982 ndi dzina la Lady Oscar, ku France mu 1986, ndipo inamasuliridwanso m'Chiarabu ndi m'Chisipanishi. M'mayiko amenewa muli amayi ndi abambo a zaka za m'ma 40 ndi 50 amene anamva koyamba za Bastille kudzera mwa Oscar, ndipo kwa iwo Oscar weniweni ndi wa Dezaki uja, osati wa m'buku. Mkangano wa magulu awiriwa sunathe.

Nanga filimu ya 2025?

Inakonzedwa ndi situdiyo ya MAPPA, motsogozedwa ndi Ai Yoshimura, ndipo inatuluka ku Japan pa 31 January 2025, kenako pa Netflix kumapeto kwa April chaka chomwecho. Ndi yokongola m'maso, ndipo nkhope zake zili pafupi ndi zojambula za Ikeda kuposa za 1979. Vuto ndi nthawi. Mabuku 10 anapanikizidwa m'maola osakwana awiri, ndipo zaka zambiri zimadutsa mkati mwa nyimbo. Mlandu wotchuka wa mkanda wa dayamondi, umene unaipitsa mbiri ya mfumukazi, ndi moyo wa Rosalie m'makwalala a Paris, anangozikhudza pamwamba kapena kuzisiya. Amene ankaidziwa kale nkhaniyi ambiri anasangalala kuonanso malo amene amawakonda. Ena anadandaula, ndipo ine ndili nawo, kuti ukachotsa osauka, kusintha mtima kwa Oscar kumaoneka ngati kwangogwa kuchokera kumwamba.

Za ku France za zaka zoposa 200 zapitazo zikukhudza bwanji munthu wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa?

Yambani ndi bambo uja wodikira mwana wamwamuna. M'chigwa cha Shire mumakhala miyambo iwiri moyandikana. Kwa Asena, kumene amalowola, ana ndi a kwa bambo, ndipo dzina ndi malo zimayenda ndi ana aamuna. Kwa Amang'anja mtundu umayenda ndi mayi, ndipo mwana wamkazi ndiye amakulitsa mbumba, ngakhale kuti mawu omaliza nthawi zambiri amakhala a malume. Mtsikana wa Chisena ndi wa Chimang'anja angamve mosiyana nkhawa ya General de Jarjayes, koma onse awiri angazindikire chinthu chimodzi: akuluakulu amakhala atakonza kale kuti mwanayu adzakhala ndani iye asanaphunzire n'kulankhula komwe. Kulakwa kwa bamboyu sikunali kuphunzitsa mwana wamkazi lupanga. Kunali koti sanathe kuona phindu la mwanayo mpaka atamutcha mwamuna. Ndipo zinthu zitayamba kuopsa mu Paris, bambo yemweyo anatembenuka n'kulamula kuti Oscar asiye usilikali akwatiwe. Oscar anakana, koma anathokoza bambo ake chifukwa cha dziko lalikulu limene kaleredwe kameneko kanamuonetsa. Ndi malo amodzi mwa amene ndimawalemekeza kwambiri m'bukuli, chifukwa mwana akukana lamulo la kholo popanda kutaya kholo.

Chachiwiri ndi ukwati wa ana. Marie Antoinette anakwatiwa pa zaka 14 kuti mayiko awiri agwirizane, ndipo Ikeda amamuonetsa monga analili, mwana wosungulumwa pakati pa alendo, amene anathawira ku zovala, njuga ndi madansi. Muli mtsikana winanso, Charlotte, wa zaka 11, amene mayi ake anamupereka kwa mwamuna wamkulu wolemera kuti banja likwere. Mwanayo anasokonezeka mutu ndi mantha n'kudzipha. Ku Malawi lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Koma kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 pa 100 alionse anakwatiwa asanafike 18. Mafumu ena, monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, anadziwika pothetsa maukwati a ana mazanamazana. Mtsikana wa Fomu 1 amene mnzake wa pa desiki limodzi sanabwerere sukulu itatsegulira safunika womufotokozera kuti Charlotte ndi ndani.

Chachitatu ndi njala. Mu 1788 zokolola ku France zinalephereka, dzinja lotsatira linali loopsa, ndipo pofika 1789 buledi ankadya gawo lalikulu la malipiro a munthu waganyu. M'bukuli muli malo ena pamene Oscar, atavulala, anasungidwa m'kanyumba ka osauka. Anamupatsa mbale ya msuzi wamadzimadzi woyandama tizidutswa ta masamba, iye n'kudabwa kuti chakudya chenicheni chibwera liti. Atamva kuti chakudya chake n'chomwecho, manyazi anamugwira. Anali atakhala zaka zonse mtunda wochepa kuchokera pa nyumba zimenezi osadziwa. Chigwa cha Shire chimadziwa madzi osefukira a 2015, anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, chimadziwanso chaka chimene amayi amalowa m'madambo a ng'ona kukazula nyika kuti ana agone atadya kanthu. Anthu ake aonapo alendo ofika pa galimoto, kuyang'ana, kulemba, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Funso limene mbale ya msuzi ija imafunsa ndi loti munthu wokhuta amachita chiyani akadziwa, ndipo Ikeda anapatsa atsikana a zaka 13 funso limeneli osawachepetsera.

Kodi siikuphunzitsa atsikana kukana ukazi wawo? Kholo lisade nkhawa?

Oscar sadzibisa kuti ndi mkazi, ndipo pamapeto amadzitcha mkazi wa André. Kamodzi kokha m'nkhani yonse anavala diresi, kupita kudansi kuti avine ndi Fersen amene ankamukonda mwakachetechete, ndipo atabwerako anadziwa kuti njira imeneyo si yake. Chimene amakana ndi kuuzidwa kuti mkazi sangaganize za dziko, sangalamule, sangasankhe. Ndi zoona kuti m'nkhaniyi muli akazi, kuphatikizapo Rosalie, amene amatengeka mtima ndi Oscar, ndipo owerenga ena ku Japan ndi kwina amaikonda pa chifukwa chimenechi. Kholo lidziwe zimenezi, lidziwenso kuti muli chigololo cha mfumukazi, kudzipha kwa mwana, kuomberana, kudula mitu, ndi usiku umodzi wa Oscar ndi André wojambulidwa mwaulemu. Kwa ine si ya ana a pulayimale ya m'munsi. Ndi ya a msinkhu wa sekondale, ndipo imakoma kwambiri pakakhala mayi, azakhali kapena mphunzitsi woti akambirane naye pambuyo pake. Poyerekeza ndi mafilimu ambiri amene ana amaonera osayang'aniridwa, iyi imapatsa mwana zoti aganize.

Nanga atsikana a kuchigwa amaonera kuti mafilimu?

Pitani pa msika wa Nchalo, Ngabu kapena Bangula masana. Mupeza kanyumba ka vidiyo kotchingidwa ndi mabango kapena mapepala akuda apulasitiki, sipika ili panja ikulira mpaka kumaimirira kabaza, ndipo pakhomo pali bolodi lolembedwa ndi choko mafilimu a tsikulo ndi mpira wa madzulo. M'kati, pa mabenchi a matabwa, mu kutentha kwa mwezi wa October, mwadzaza anyamata ndi abambo. Atsikana ambiri ali panja. Wina wakhala pambali pa beseni la mandasi kapena la madzi ozizira a m'majumbo, akumva filimu yonse ndi makutu, mawu a womasulira m'Chichewa akumuuza amene wamenya mnzake, osaona chithunzi n'chimodzi chomwe. Akalowa, anthu amunena. Mwini vidiyo naye amasankha zimene makasitomala ake amalipira: zakarate, zankhondo, mpira.

Foni yasintha zinthu pang'ono. Filimu yobenedwa pa memore khadi imaoneredwa ndi atsikana anayi kapena asanu atapanikizana pa khonde, batire ikalola. Koma palibe amene amawafunsa kuti mwaiona bwanji, mwakonda ndani, ipitirire motani. Berubara payokha njovuta kuipeza m'njira yovomerezeka: filimu ya 2025 imafuna Netflix, bandulo yokwanira ndi njira yolipirira mwezi ndi mwezi, ndipo mabuku ake a Chingerezi, amene kampani ya Udon inatulutsa m'mavoliyumu akuluakulu asanu, ndi odula. Laibulale ya sekondale kapena bungwe logula mabuku a atsikana likhoza kuwaganizira, chifukwa zithunzi zimanyamula wowerenga amene Chingerezi chake chikadali chopunduka.

Kodi kuno kwathu kulibe nkhani zojambula za atsikana?

Zakhalapo. Cha pakati pa zaka za m'ma 1990 bungwe la UNICEF linayambitsa Sara, mtsikana wa kumudzi wokhala ndi kanyani kake Zingo ndi anzake Amina ndi Juma, m'mabuku a zithunzi, makatuni ndi masewero a pa wailesi a mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, Malawi ali m'gulumo. Nkhani yake yoyamba inali ya kulimbana kuti asachotsedwe sukulu. Mu 2017 kunabwera Zathu, ya bungwe la Girl Effect, ndi nyimbo ndi sewero la pa wailesi la anyamata ndi atsikana. Ku Zambia, Malenga Mulendema anapeka Supa Team 4, katuni ya atsikana anayi a mu Lusaka opulumutsa mzinda wawo, imene inatuluka pa Netflix mu 2023.

Ntchito zimenezi ndi zabwino, ndipo Sara anathandiza ambiri. Kusiyana kwake ndi Berubara n'kwakuti nkhani yoyambitsidwa ndi bungwe imabwera uthenga utasankhidwa kale, ndipo imayenda malinga ndi ndalama za pulojekiti. Mtsikana wa m'nkhani yotere kawirikawiri salakwa zazikulu, sakonda munthu wolakwika, safa. Ikeda analibe uthenga wa bungwe woti apereke. Anali ndi owerenga oti akapanda kuwagwira mtima sabata ino, ntchito imuthera, ndipo mantha amenewo anamukakamiza kuwatenga ngati anthu oganiza.

Zipangizo zoyambira zilipo kale m'chigwamu. Wailesi za m'madera monga Nyanthepa ndi Gaka ku Nsanje zimalandira mafoni ndi mauthenga a omvera tsiku ndi tsiku. M'sukulu iliyonse muli mwana amene kumbuyo kwa kope lake kwadzaza zojambula. Nkhani ya masamba anayi pa sabata, yofotokopedwa kapena yotumizidwa pa WhatsApp, m'Chisena kapena m'Chimang'anja, yokhala ndi nambala yoti owerenga ayankhepo, si chinthu chofuna mamiliyoni. Ndipo mbiri ya chigwachi ili ndi zokwanira kudzaza mabuku: Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi, kufika kwa Amakololo, sitima zapamadzi za pa Chiromo, thonje, othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anadzaza Nsanje m'zaka za m'ma 1980. Chovuta kwambiri n'choti wolembayo alole kuti atsikana akamuuza kuti munthu amene iye amamukonda sakuwasangalatsa, amve.

Wofuna kuidziwa ayambire pati?

Amene angapeze mabukuwo ayambire pamenepo, chifukwa ndi mmene muli Oscar wathunthu, wanthabwala ndi waukali, komanso ndale zonse zimene Ikeda anaikamo. Amene angapeze katuni ya 1979 apirire magawo oyambirira, amene ndi a miseche ya kunyumba yachifumu, chifukwa kuyambira cha pa gawo la 19, pamene Dezaki anaigwira, nkhani imalemera ndipo osauka a mu Paris amalowa pakati. Filimu ya 2025 ndi yabwino kuionera pambuyo pa zimenezi, munthu akudziwa kale Rosalie, Charlotte ndi mlandu wa mkanda, kuti nyimbo zikamadumpha zaka azitha kudzaza yekha mipatayo.